Tifunseni: Lenti inachokera kuti, nanga wosapereka chakhumi ngotembereredwa?

Mwezi uno makalata ambiri agwera mbali ziwiri, ena akufunsa za Lenti, ena za chakhumi. Ndasankhapo anayi, ndipo ndawadula pang'ono kuti akwane patsamba. Monga mwa nthawi zonse, maina sitilemba.

FUNSO: Bambo, ine ndine mnyamata wa m'kwaya. Chaka chatha mnzanga wa kuntchito, amene amapemphera mpingo wina, ataona phulusa pamphumi panga anandiuza kuti Lenti mulibe m'Baibulo, ati ndi mwambo wachikunja wolirira fano lotchedwa Tamuzi. Ndinangoti kakasi. Chaka chino ndikufuna ndikhale ndi chomuyankha. Kodi Lenti anaiyambitsa ndani?

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo walondola pa chinthu chimodzi. Mutawerenga kuyambira Mateyu mpaka Chivumbulutso simungapeze lamulo loti Akhristu azisala kudya masiku 40 Pasaka asanafike. Zimenezo muvomereni mosachita manyazi, chifukwa mukayamba ndi kukana zoona, zina zonse zimene munganene sazimveranso. Koma za Tamuzizo anachita kumunamiza, ndipo ndifikapo.

Palibe munthu mmodzi amene anakhala pansi n'kukhazikitsa Lenti. Inakula pang'onopang'ono, ndipo poyamba inali yaifupi kwambiri. Cha m'ma 190, Irenaeus, bishopu wa ku Lyon, analembera kalata Victor, bishopu wa ku Roma, pa mkangano wa tsiku lokondwerera Pasaka. M'kalatamo, imene anatisungira wolemba mbiri Eusebius, akunena kuti Akhristu ankasiyananso pa kasalidwe: ena ankasala tsiku limodzi, ena awiri, ena ochulukirapo, ena ankawerenga maola 40 usana ndi usiku womwe. Akuti kusiyanaku anakupeza, kunayamba ndi akuluakulu amene analipo iye asanabadwe, ndipo sikunawadanitse. Ndiye kuti m'chaka cha 190 kusala kokonzekera Pasaka kunali kale mwambo wa makolo. Chimene chinalibe ndi muyeso umodzi wa masiku.

Masiku 40 akuonekera bwino m'zaka za m'ma 300. Chizunzo cha boma la Roma chitatha mu 313, anthu anayamba kukhamukira kumpingo kufuna ubatizo, ndipo ubatizo waukulu unkachitika usiku wa Pasaka. Abusa anaona kuti chikhamu chotere sichingabatizidwe osachiphunzitsa mokwanira. Cha m'ma 340, Athanasius, bishopu wa ku Alexandria, ali ku Roma kumene anathawira, analembera mnzake Serapion kuti alimbikitse abale a ku Egypt kusunga masiku 40, kuopa kuti pamene dziko lonse likusala, iwo okha angasekedwe kuti akungodya. Apa mukuona kuti mwambowu unali utafala m'maiko ambiri, koma kwina unali usanazike mizu.

Umboni umene ndimaukonda kwambiri ndi wa mayi wina dzina lake Egeria, amene anakakhala ku Yerusalemu pakati pa 381 ndi 384 pa ulendo wachipembedzo, n'kumalembera anzake kwawo zonse zimene ankaona. Akuti ofuna ubatizo ankalembetsa maina Lenti isanayambe. Kenako bishopu ankakhala pampando pakati pa tchalitchi chachikulu, ndipo ankabwera nawo mmodzimmodzi, amuna ndi owaimira aamuna, akazi ndi owaimira aakazi. Bishopuyo ankatembenukira kwa anansi a munthuyo n'kuwafunsa kuti: Kodi uyu amakhala bwino ndi anthu? Amalemekeza makolo ake? Si chidakwa? Si wabodza? Wopezeka ndi vuto ankamubweza kuti akayambe wakonza moyo wake. Olandiridwawo ankaphunzira maola atatu tsiku lililonse m'mawa, kuyambira buku la Genesis mpaka kumaliza Malemba onse, kenako ankapatsidwa mawu a Chikhulupiriro kuti aloweze pamtima, ndipo kumapeto aliyense ankawanena yekha pamaso pa bishopu. Akhristu obatizidwa kale ankabwera kudzamvera nawo, ndipo ankasala nawo limodzi. Ine ndikamawerenga zimenezi ndimaona kuti Lenti inabadwa chifukwa mpingo sunafune kuti munthu alowe m'madzi ali yekha, kapena alowemo asakudziwa chimene akulowera.

Phulusa lija linabwera ndi gulu lina. Munthu wochimwa tchimo lalikulu lodziwika kwa onse, monga kupha, chigololo kapena kukana Khristu pa nthawi ya chizunzo, ankavala chiguduli, kuthiridwa phulusa n'kuimitsidwa ku Mgonero. Ku Roma ankamulandiranso Lachinayi Loyera. Patapita zaka, Akhristu ena onse anayamba kulandira nawo phulusa, povomereza kuti palibe woyera pakati pawo, ndipo mu 1091 Papa Urban II pa msonkhano wa ku Benevento analamula kuti lizipakidwa kwa onse. Mawu amene amanenedwa popaka ngochokera pa Genesis 3:19, akuti ndiwe fumbi ndipo kufumbiko udzabwerera, kapena pa Marko 1:15, akuti lapani, khulupirirani Uthenga Wabwino. Nambala ya 40 nayo njochokera m'Baibulo momwemo. Mose anakhala masiku 40 paphiri osadya osamwa, pa Eksodo 34:28. Eliya anayenda masiku 40 kukafika ku Horebu. Anthu a ku Nineve anapatsidwa masiku 40. Koposa zonse, Ambuye Yesu anasala masiku 40 m'chipululu asanayambe ntchito yawo.

Tsono za Tamuzi. Dzinali likupezekadi pa Ezekieli 8:14, pamene mneneri anaona akazi akulirira fanoli pachipata cha Kachisi. Koma mwezi wotchedwa Tamuzi pa kalendala ya Ayuda umagwa mu Juni ndi Julayi, Pasaka atapita kalekale. Nkhani yolumikiza Lenti ndi fanoli inafalitsidwa ndi m'busa wa ku Scotland, Alexander Hislop, m'zaka za m'ma 1850, ndipo kuchokera m'buku lakelo yakhala ikungokopedwa, lero ikuyenda pa WhatsApp. Abusa a m'zaka za m'ma 300 amene ankaphunzitsa za masiku 40 ankaloza kwa Mose, Eliya ndi Yesu. Ena a iwo anali ana ndi adzukulu a anthu amene analolera kuphedwa pokana kufukiza lubani kwa mafano. Kuti anthu oterewa atembenuke n'kukatola mwambo wa fano la ku Babulo, ine sindikhulupirira.

Komabe musamutenge mnzanuyo ngati wochimwa chifukwa sasunga Lenti. Mkangano umenewu ngwakale. Mu 1522 ku Zurich, kunyumba kwa wosindikiza mabuku Christoph Froschauer, amuna angapo anadya soseji mkati mwa Lenti mwadala, m'busa Ulrich Zwingli ali pomwepo. Iye sanadye nawo, koma anawaikira kumbuyo pa ulaliki, kuti kusala n'kwabwino koma kusakhale lamulo lomangira chikumbumtima cha munthu. John Calvin nayenso anadzudzula kasungidwe ka Lenti ka m'nthawi yake, pamene Achilutera ndi Aangilikani anaisunga. Paulo pa Aroma 14:5-6 anatiuza kale chochita: wosunga tsiku alisunge chifukwa cha Ambuye, wakudya adye chifukwa cha Ambuye, ndipo wina asanyoze mnzake. Ine ndimasunga Lenti chifukwa ndimadziwa kuti popanda nyengo yoikika, kulapa ndimangokukankhira mawa. Mnzanuyo mukamufotokozere mbiriyi modekha, kenako mumufunse kuti iye amasala liti. Mwina mupezana kuti mukufunafuna chinthu chimodzi.

FUNSO: Ndawerenga pakalendala kuyambira Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka la madzulo a Pasaka, ndapeza masiku 46. Nanga bwanji timati masiku 40? Ndine mtsikana wa kusekondale.

YANKHO: Mwawerenga bwino, chemwali. Chotsanipo masiku a Lamulungu asanu ndi limodzi, atsala 40. Kuyambira kale Akhristu sasala Lamulungu, chifukwa ndi tsiku limene Ambuye anauka kwa akufa.

Koma funso lanu lili ndi mbiri yake yokoma. Poyamba ku Roma Lenti inkayamba Lamulungu, masabata 6 Pasaka asanafike. Masabata 6 ndi masiku 42, kuchotsapo a Lamulungu, osala kudya ankatsala 36. Papa Gregory Wamkulu, amene anatsogolera mpingo wa ku Roma kuyambira 590 mpaka 604, sanaone vuto ndi nambala imeneyi. Pa ulaliki wake anauza anthu kuti chaka chili ndi masiku 365, ndiye tikasala masiku 36 tikupereka kwa Mulungu chakhumi cha chaka chathu. Ati monga Chilamulo chinkafuna limodzi la magawo khumi la zinthu zanu, perekaninso limodzi la magawo khumi la masiku anu. John Cassian, mmonke amene anakhala zaka zambiri m'chipululu cha ku Egypt, anali atalemba kale zofanana ndi zimenezi m'zaka za m'ma 420. Masiku anayi oonjezera, kuyambira Lachitatu, anabwera Gregory atamwalira kale, kuti nambala ikwane 40 yeniyeni. Mipingo ina imawerenga mwa njira yake. Akhristu a Orthodox amayamba Lolemba, ndipo a ku Ethiopia ndi a mpingo wa Coptic ku Egypt amasala masiku 55.

Maganizo a Gregory amenewa amandigwira mtima pa chifukwa ichi: ndalama timasiyana nazo, wina ali nazo zambiri wina alibiretu, koma masiku a pachaka tonse tili nawo ofanana. Inu amene muli pasukulu ndipo simulandira malipiro, chakhumi chimenechi mungathe kupereka mofanana ndi mwini kampani.

Ndionjezepo chimodzi chimene masiku ano timachiiwala. Kwa Akhristu akale, chakudya chimene wasala sichinali chako ayi. Buku la Hermas, lolembedwa ku Roma m'zaka za m'ma 100, limalangiza kuti tsiku losala uwerengere mtengo wa chakudya chimene ukanadya, ndalamayo ukapereke kwa mkazi wamasiye, mwana wamasiye kapena wosowa. Aristides wa ku Athens, pofotokozera mfumu ya Roma khalidwe la Akhristu, analemba kuti pakati pawo pakapezeka wosauka iwo alibe chakudya chapadera, amasala masiku awiri kapena atatu kuti amudyetse. Ndi zomwe Yesaya 58 amanena, kuti kusala kumene Mulungu amakufuna ndi kugawana chakudya chako ndi wanjala. Munthu akasiya nyama masiku 40 n'kusunga ndalamayo kuti adzadyerere bwino pa Pasaka, wangosuntha tsiku la phwando. Ndipo inu ophunzira musadzivulaze. Ngakhale malamulo a mpingo wa Katolika amafuna kusala kwenikweni masiku awiri okha, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, kwa a zaka 18 mpaka 59, ndipo odwala sakhudzidwa.

FUNSO: Bambo, amuna anga anamwalira zaka zitatu zapitazo, anandisiyira ana atatu. Ndimagulitsa tinthu ting'onoting'ono kuti tidye. Ndakhala ndikupereka chakhumi mosadumphitsa, koma miyezi yapitayi mwana wanga wamng'ono wakhala akudwala ndipo ndalowa m'ngongole, ndiye ndinasiya. Mlaliki wina anawerenga Malaki 3 n'kunena kuti osapereka chakhumi ndi mbava ndipo ngotembereredwa, n'chifukwa chake matenda sachoka m'nyumba zawo. Sindikugona tulo. Kodi mwana wanga akudwala chifukwa cha ine? Kodi ndikakongole kuti ndibweze miyezi imene ndinadumphitsa?

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene mukukumana nazo. Mwana wanu sakudwala chifukwa cha inu. Musakakongole ndalama yoti mukapereke chakhumi. Pitirizani kupita naye kuchipatala, ndipo ndalama imene mwapeza mugulire mankhwala ndi chakudya ndi mtima woyera. Ophunzira atafunsa Yesu za munthu wobadwa wosaona, kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, Ambuye anayankha kuti sanachimwe iye kapena makolo ake. Muwerenge nokha pa Yohane 9:1-3.

Tsopano tiyeni tione chakhumi monga chilili m'Chilamulo cha Mose, chifukwa ambiri amangodziwa mavesi atatu a m'buku la Malaki. Pa Levitiko 27:30-33 chakhumi chinali cha zokolola za m'munda, zipatso za mitengo ndi ziweto. Mwini ziweto ankazidutsitsa pansi pa ndodo akuwerenga, ndipo yachikhumi iliyonse inali ya Yehova, kaya njonenepa kaya njowonda. Pa Numeri 18 chinkapita kwa Alevi chifukwa fuko lawo silinalandire dziko ngati mafuko ena, ndipo iwonso ankachotsapo chakhumi chawo kupereka kwa ansembe. Pa Deuteronomo 14:22-27 pali chakhumi chimene mwini wake ankapita nacho kumalo opatulika n'kukadya yekha ndi banja lake mokondwera pamaso pa Mulungu. Ulendo ukatalika ankaloledwa kugulitsa zokololazo, n'kukagula kumeneko chilichonse chimene mtima wake wafuna.

Ndiye mumve vesi 28 ndi 29. Chaka chachitatu chilichonse chakhumi chonse chinkasungidwa m'midzi momwemo, kuti Mlevi, mlendo, mwana wamasiye ndi mkazi wamasiye abwere adye akhute. Mayi, m'Chilamulo chimene mlalikiyo akukuopsezerani nacho, inu ndi ana anu muli m'gulu la olandira. Mukanakhala m'masiku a Mose, nkhokwe ikanatsegulidwa chifukwa cha inu.

Malaki ankalankhula ndi mtundu wonse wa Ayuda utabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo, m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe. Nehemiya 13 akutionetsa mmene zinthu zinalili m'nyengo imeneyo. Wansembe Eliyasibu anatenga chipinda chosungiramo zakhumi n'kuchipereka kwa mnzake Tobiya kuti azikhalamo. Alevi ndi oimba atasiya kulandira gawo lawo, anathawira kuminda yawo, ntchito ya m'Kachisi n'kuima. Eni minda ndi ziweto anali nazo zoti apereke koma ankaumira, ndipo Malaki yemweyo akuwadzudzula kuti ankabweretsa nsembe za nyama zakhungu ndi zopunduka. Akuba amene akunenedwawo ndi amenewa. Ndipo mavesi atatu okha m'mbuyo, pa Malaki 3:5, Mulungu akuti adzakhala mboni yotsutsa obera antchito malipiro awo, ndi opondereza akazi amasiye ndi ana amasiye. Vesi limenelo silimveka kawirikawiri paguwa pa tsiku la chopereka.

M'Chipangano Chatsopano Yesu anatchula chakhumi polankhula ndi Afarisi. Pa Mateyu 23:23 akuti amapereka chakhumi cha timbewu tonunkhira, katsabola ndi chitowe, koma asiya zolemera za Chilamulo, ndizo chilungamo, chifundo ndi chikhulupiriro. Sanawaletse kupereka, anati izi achite osasiya zinazo. Pa Luka 18 Mfarisi wodzitama kuti amasala kawiri pa sabata ndi kupereka chakhumi cha zonse anabwerera kwawo wosayesedwa wolungama. Atumwi atakumana ku Yerusalemu pa Machitidwe 15 kuti aone zoyenera kusenzetsa Akhristu a mitundu ina, chakhumi sichinalowe pamndandanda. Paulo analemba machaputala awiri athunthu, 2 Akorinto 8 ndi 9, posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, osatchulapo limodzi la magawo khumi. Anati mphatso imalandiridwa malinga ndi zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe. Anatinso sakufuna kuti ena apepukidwe inu mutsale m'mavuto, ndipo aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, osati mwachisoni kapena mokakamizidwa. Ngongole ndi chinthu chimene mulibe, mayi. Za temberero, Agalatiya 3:13 akuti Khristu anatiombola ku temberero la Chilamulo. Ngati temberero limenelo limabwerera chifukwa cha envelopu ya miyezi ingapo, ndiye kuti mtanda unali wopepuka kwambiri.

Ena adzakuuzani za mkazi wamasiye amene anaponya timakobiri tiwiri mosungiramo ndalama za m'Kachisi. Zoonadi Yesu anamuyamikira. Koma muyambire kuwerenga pa Marko 12:40, pamene Ambuye angomaliza kudzudzula alembi amene amalusira nyumba za akazi amasiye. Ambuyewo anaona mtima wa mayiyo, anaonanso anthu amene ankadyerera amayi oterowo.

Akhristu oyambirira ankapereka mwa ufulu. Justin, polemba ku Roma cha m'ma 150, akuti Lamulungu opeza bwino amene afuna amapereka monga aliyense waganizira, ndipo mtsogoleri amathandizira ana amasiye, akazi amasiye, odwala, akaidi ndi alendo. Tertullian wa ku Carthage mu 197 akuti aliyense amaponya kangachepe kamodzi pa mwezi, ngati afuna ndiponso ngati angathe, palibe wokakamizidwa. Kukakamiza kunabwera pambuyo. Msonkhano wa mabishopu wa ku Mâcon mu 585 unalamula kuti wokana chakhumi achotsedwe mumpingo, ndipo mfumu Charlemagne mu 779 inachisandutsa lamulo la boma. Zotsatira zake zinali chidani cha zaka mazanamazana pakati pa alimi ndi mpingo. Alimi a ku Germany ataukira mu 1525, chimodzi mwa zimene ankafuna chinali chakuti chakhumi cha tirigu chizisamalira m'busa wawo, chotsala chizipita kwa osauka a m'mudzimo. Ku France chinathetsedwa mu 1789.

Ndakhalapo msungichuma wa mpingo. Mapemphero akatha tinkalowa m'kachipinda anthu atatu, kutsegula maenvelopu ndi kulemba m'kaundula. Ndinkazindikira envelopu ya gogo wina amene ankalera yekha adzukulu ake, chifukwa ndalama zake zinkakhala zakutha koma zoongoledwa bwinobwino, zachitsulo atazikulunga m'kapepala kuti zisalire. Tsiku lina tinapezamo kakalata ka mizere iwiri, kolembedwa ndi dzanja la mwana: "Pepani, mwezi uno zachepa. Mawa lino ndidzakwaniritsa." Tonse atatu tinangoti chete. Gogoyo ankapepesa kwa ife, pamene buku lomwe timalalikira limati iye ndiye woyenera kugogoderedwa pakhomo ndi thandizo. Tinakaitula nkhaniyo kwa akulu a mpingo, ndipo dzina lake linalowa pamndandanda wa othandizidwa. Inunso mayi, pitani kwa abusa anu kapena kwa mkulu wa mpingo amene mumamudalira, mukawauze za matenda a mwanayu ndi za ngongoleyo. Mukapite ngati mwana wa m'nyumbamo amene ali pamavuto. Pamene muli ndi kangachepe koti muponye m'mbale mokondwa, ponyani. Pamene mulibe, khalani pampando wanu muimbe ndi anzanu, ndipo Mgonero musauthawe.

FUNSO: Ine ndili pantchito yolipidwa pamwezi, akazi anga ali ndi bizinesi, ndipo kunena zoona sitikuvutika. Timatsutsana pa zinthu zingapo. Chakhumi tichotse pa malipiro onse kapena atadulidwa msonkho? Pa bizinesi tiwerengere zonse zimene tagulitsa? Mayi anga ondibala akudwala, kodi ndingatengeko gawo la chakhumi kuwagulira mankhwala? Komanso kumpingo kwathu sitinamvepo lipoti la zachuma.

YANKHO: Bambo, zimene ndauza mayi wamasiye pamwambapa musazitenge ngati chikalata chokumasulani. Kwa inu ndilankhula mosiyana. Ngakhale chakhumi si lamulo lomangirira chipulumutso cha Mkhristu, ine ndimachiyamikira kwa aliyense amene angathe, ndipo inenso ndimachitsata. Chili ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba, chimene sichisenza denga koma popanda icho khoma limapindika iye osadziwa. Munthu wongoti ndizipereka mmene mtima wandiuzira, kawirikawiri mtimawo umamuuza mwezi utatha, thumba litauma. N'chifukwa chake Paulo pa 1 Akorinto 16:2 akuti tsiku loyamba la sabata aliyense aziika kena padera monga wapindulira. Abrahamu anapereka chakhumi kwa Melikizedeki Chilamulo chisanabwere, Yakobo analonjeza chomwecho ku Beteli, palibe anawakakamiza. Ndiponso abusa amadya, ana awo amapita kusukulu, denga la tchalitchi limadontha. Paulo yemwe uja akuti Ambuye analamula kuti olalikira Uthenga Wabwino azipeza zosowa zawo kuchokera mu Uthengawo, pa 1 Akorinto 9:14. Kwa banja lopeza bwino ngati lanu, limodzi la magawo khumi likhoza kukhala poyambira chabe. Wolemera akapereka chakhumi amatsala ndi zambiri zoti n'kusowa nazo chochita, pamene wosauka akapereka chomwecho amachotsa pakamwa pa mwana.

Za msonkho Baibulo silinena, chifukwa m'masiku a Mose kunalibe malipiro odulidwa munthu asanawaone. Gwirizanani awirinu muyeso umodzi, muupempherere, muutsate mosasinthasintha. Mukasankha ndalama imene imafika m'manja mwanu simunabe. Mukasankha malipiro onse mwachita bwino, koma musanyoze nazo ena. Pa bizinesi werengerani phindu, mutachotsa mtengo wa katundu ndi zolipira zina. Wochotsa chakhumi pa mpamba amatseka bizinesi m'miyezi yochepa, kenako sakhalanso ndi choti apereke.

Za mayi anu, Ambuye anayankha kale pa Marko 7:9-13. Anadzudzula anthu amene ankauza makolo awo kuti thandizo limene mukanalandira kwa ine ndalipereka kwa Mulungu, ndipo anati potero akupeputsa lamulo loti lemekeza atate ako ndi amako. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo akuti wosasamalira a m'banja lake wakana chikhulupiriro. Ngati ndalama ndi imodzi yokhayo ndipo muyenera kusankha, gulani mankhwala. Koma popeza mwanena nokha kuti simukuvutika, yambani mwayang'ana mbali zina za bajeti yanu, zovala, mafoni, zosangalatsa, musanafike pa gawo la mpingo. N'kutheka kuti zonse ziwiri zikwanira.

Lipoti lija lifunseni. Kufunsa mmene ndalama za mpingo zayendera si kusakhulupirira Mulungu. Paulo ponyamula chopereka cha osauka kupita nacho ku Yerusalemu sanayende yekha, anatsagana ndi m'bale wosankhidwa ndi mipingo, ndipo pa 2 Akorinto 8:20-21 akufotokoza chifukwa chake: kuti wina asapeze podandaulira, pakuti amafuna kuchita zoyenera pamaso pa Ambuye ndi pamaso pa anthu omwe. Mu 494 Papa Gelasius analemba kuti chuma cha mpingo chizigawidwa panayi: gawo la bishopu, la atumiki ena, la osauka ndi lokonzera nyumba yopemphereramo. Simukuyenera kutengera magawo amenewo ndendende, koma funso la kuti gawo la osauka ndi lotani mumpingo mwanu n'loyenera kufunsidwa. Pezani anzanu awiri kapena atatu opereka mokhulupirika, mulembe kalata yaulemu kwa akulu a mpingo, yopempha kuti lipoti la zolowa ndi zotuluka liziwerengedwa pamsonkhano ngakhale kawiri pachaka, ndiponso kuti owerenga ndalama asamakhale munthu mmodzi kapena a banja limodzi. Podikira yankho musasiye kupereka. Akakuyankhani, kaya akakana, mundilemberenso tidzaone pochita.